Mtunda wa Mwendo: Mbiri ya Midzi ndi Njira za kwa Mkhumba

Mukakwera pang'ono m'mbali mwa phiri la Michesi m'mwezi wa Okutobala, udzu utapsa, mitengo itayoyola masamba, n'kuponya maso kuchigwa cha Phalombe, mumaona timizere totuwa tolukanalukana ngati ukonde wa asodzi a ku Chilwa. Timeneto ndi tinjira ta miyendo. Palibe amene anatijambula papepala, palibenso nduna imene inabwera kudzatitsegulira. Tinabadwa ndi mapazi a anthu opita kotunga madzi, kuchigayo, kudimba, kumaliro, kokazonda odwala. Mukatsata kanjira kalikonse mpaka kothera, mumakapeza chinthu chimene anthu a m'mudzimo sangagone tsiku osachifuna. Mbiri ya dera la Mfumu Yaikulu Mkhumba ingathe kuwerengedwa pa tinjira timeneti, chifukwa ndi mbiri ya zinthu zimene zinali pakhomo n'kuthawira kutali, ndi zina zimene zinali kutali n'kudzafika pakhomo.

Akatswiri okonza mizinda kumaiko a azungu akhala akuikamba kwambiri nkhaniyi m'zaka zapitazi. M'chaka cha 2016, Carlos Moreno, mphunzitsi wa payunivesite ku Paris, anafalitsa ganizo loti munthu wa mumzinda azipeza sukulu, msika, chipatala ndi ntchito pamtunda woyenda mphindi 15 zokha, wapansi kapena panjinga. Anne Hidalgo anatenga ganizoli n'kulisandutsa mfundo yake pofuna kusankhidwanso kukhala meya wa Paris m'chaka cha 2020. Kale kwambiri, m'chaka cha 1929, Clarence Perry wa ku New York anali atalemba kale zoti nyumba zizimangidwa mozungulira sukulu ya pulayimale, kuti mwana asamadumphe msewu waukulu popita kukaphunzira. Akatswiriwa akulimbana ndi galimoto imene inawatalikitsira zinthu. Kwa Mkhumba mwendo sunachokepo pampando. Funso la kuno lakhala lina kuyambira kale: mayi wosenza ndowa ya malita 20, mwana ali kumsana, ayende mpaka pati?

Chigwa cha Phalombe chinali kwawo kwa Amang'anja. M'zaka za m'ma 1860 kunafika Ayao kuchokera kum'mawa, ndipo mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi unasanduka njira ya amalonda a akapolo ndi minyanga opita kunyanja yamchere. Masiku amenewo njira yopitapita anthu inali yoopsa. Mudzi wanzeru unkabisala m'mbali mwa phiri kapena m'mabango, kutali ndi kumene kumadutsa alendo. Atsamunda a ku Britain anamanga linga la Fort Lister pampatapo m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njirayo, ndipo mabwinja ake alipobe. Nkhondo zitazizira, anthu anayamba kutsikira kuchigwa.

Kenaka kunabwera Alhomwe. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930 ndi kupitirira, mabanja ambirimbiri anawoloka malire kuchokera kudziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, kuthawa msonkho wankhanza, ntchito yakalavulagaga ndi njala. Anabwera wapansi, mphika ndi mbewu zili pamutu. Ena anakathera m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo kumene anakumana ndi thangata. Ena anapempha malo kwa mafumu a m'chigwa cha Phalombe, nagwetsa tchire, namanga. Ufumu wa Mkhumba unakula pakati pa anthu amenewa, ndipo dera lake kale linali lalikulu kuposa lero, asanakwezedwe mafumu ena monga Kaduya ndi Jenala. Pamene gulu la Mulhako wa Alhomwe linkakhazikitsidwa m'chaka cha 2008, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, Mkhumba ndiye anali mfumu yaikulu ya Alhomwe onse m'Malawi muno.

Mudzi umene anthuwa ankamanga unali ndi dongosolo lake, ngakhale mlendo sakanaliona msanga. Maziko ake anali mbumba. Kuno ndi kwa chikamwini: mwamuna amapita kukamanga kwawo kwa mkazi, ndipo ana aakazi a mayi mmodzi amamanga moyandikana, pamalo amene mwinimbumba wawalozera. Motero nyumba zinkakhala m'timagulu ta pachibale, khomo kuyang'anana ndi khomo, moti wina akadwala usiku kufuula kamodzi kunkakwana. Moto unkapalidwa kwa mnansi. Mtondo umodzi unkasinja makomo atatu. Nkhokwe inali pabwalo, khola la mbuzi kuseri, munda wa mapira, nandolo ndi chinangwa unkayambira pamene bwalo lathera. Nkhuni zinali m'tchire la kumapeto kwa munda. Mzamba anali azakhali a m'mudzi momwemo, sing'anga anali kutsidya kwa khwawa, milandu inkakambidwa pansi pa mtengo wa kwa nyakwawa, ndipo manda anali m'nkhalango yapafupi, poti maliro amanyamulidwa pamapewa. Ngakhale tchopa ankavinidwa pabwalo loti aliyense amva ng'oma ali pakhonde pake.

Ndisanamizire kuti moyo umenewo unali wofewa. Zinthu zinali pafupi chifukwa zinali zochepa, ndipo zimene kunalibe kunalibiretu. Mayi akavutika pobereka, luso la mzamba likathera pomwepo, kunalibe kwina kothamangira. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene chinkasowetsa mtendere chaka ndi chaka: madzi. Dothi la m'chigwa muno, makamaka la makande, limamata m'dzinja moti phazi limalemera, koma m'chilimwe limang'ambika ming'alu. Timitsinje tambiri timauma, ndipo m'madera ena oyandikira nyanja ya Chilwa madzi a pansi ndi amchere. Ndiye chifukwa chake midzi yakale inkakakamira m'mphepete mwa mitsinje yochokera m'phiri, ndipo nthaka yabwino ya pakati pa chigwa inkakhala ndi anthu ochepa.

Boma la atsamunda ndilo linayamba kukokera anthu kutali. Msonkho wa nyumba unafuna ndalama, ndalama zinali kuminda ya tiyi ndi ya fodya, ndipo amuna anayamba maulendo a masiku. Lamulo la m'chaka cha 1912 lokhudza ulamuliro wa m'maboma linaika mafumu pansi pa DC ndi kulimbikitsa kuti nyumba zomwazikana zisonkhane m'midzi yodziwika, kuti kalembera ndi msonkho zisavute. Kusonkhanitsa kumeneko kunali kopepukitsa ntchito ya wokhometsa msonkho, mayi wotunga madzi sanali m'maganizo mwawo. Boma lenilenilo linali ku Mulanje, kuseri kwa phiri, ndipo munthu wa kwa Mkhumba wokhala ndi mlandu kapena chikalata chofuna chidindo ankanyamula kamba wa panjira. Zinakhala choncho ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, mpaka Phalombe anadzakhala boma palokha m'chaka cha 1998.

Amishoni anabweretsa zinthu zina zatsopano zoyendera mtunda: tchalitchi, sukulu ndi chipatala. Kwa zaka zambiri chipatala cha Akatolika cha Holy Family ndicho chinali chachikulu m'dera lonseli, ndipo odwala ochokera kumidzi ya kunyanja ankafika atanyamulidwa pamachila, kenaka panjinga zitayamba kuchuluka. Misika ya ADMARC, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, inakhala malo ena okokera anthu. Pambali pa sikelo ya ADMARC pankamera golosale, telala ndi makina ake pakhonde, wokonza njinga, chigayo cha dizilo. Malo ngati Migowi ndi Mpasa anakula motero, pang'onopang'ono, popanda amene anakhala pansi kuti awajambule. Tsiku la msika nalo ndi nzeru yakale yofupikitsa mtunda: m'malo moti mudzi uliwonse upite kutauni, amalonda a kaunjika, mchere, matemba ndi ziwiya ndiwo amazungulira, lero pano mawa apo, kuti aliyense msika umupeze kamodzi pamlungu pamtunda woti apita n'kubwerako dzuwa lisanapendeke.

Koma ngati pali ntchito imene inasintha mapu a tinjira ta m'chigwa cha Phalombe, ndi ya mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri. Inayambira kwa Chingale ku Zomba m'chaka cha 1968, motsogozedwa ndi injiniya Lindsay Robertson pansi pa nthambi ya boma yoona za chitukuko cha m'midzi, kenaka inafalikira ku Mulanje, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika ku Phalombe. Nzeru yake inali yosavuta kuimva. Madzi amatapidwa m'mwamba m'phiri momwe mtsinje suuma, n'kutsika ndi mphamvu yawo yokha m'mapaipi, popanda injini kapena mafuta. Boma ndi mabungwe othandiza ankapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zonse zinkakumbidwa ndi eni mudzi, mudzi uliwonse chigawo chake, tsiku lake, mfumu ili pomwepo. Makilomita ambirimbiri anakumbidwa ndi makasu a m'manja. Komiti ya m'mudzi ndiyo inkagwirizana za pamene mpope uime, ndipo mkangano wake unali weniweni, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pamene paime mpope ndi pamene padzathere kanjira ka m'mawa uliwonse kwa zaka zikubwerazo. Ine ndimaiona ntchito imeneyi ngati pulani yoyamba yeniyeni ya malo okhala imene chigwachi chinaonapo, ndipo inatheka chifukwa oyenda mtundawo ndiwo anafunsidwa. Madzi atafika, anthu anamanga pamalo amene kale ankawaopa chifukwa cha ludzu. Alendo ochokera kumaiko ena ankabwera kudzaphunzira mmene Amalawi anachitira.

Mipope ija inakalamba. Anthu anachuluka kuposa amene anawerengedwa poyamba, mitengo ya m'phiri inatha, mapaipi anayamba kuphulika ndi kubedwa, ndipo mipope yambiri inauma. Mijigo inabwera kudzathandiza. Muyezo wa boma umati madzi abwino asatalikire kupitirira mamita 500 kuchokera pakhomo, ndipo mjigo umodzi uzitumikira anthu 250. Koma mayi aliyense amadziwa kuti mtunda wa kumjigo suthera pofika. Ngati pali mzere wa zigubu makumi atatu, mjigo wa kuseri kwa nyumba umadya nthawi yofanana ndi chitsime cha kudambo.

Madzi omwewo a m'phiri anaphunzitsanso anthu phunziro lowawa. M'mwezi wa Malichi 1991, mvula itagwa masiku otsatizana, mbali za phiri la Michesi zinagumuka, ndipo matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsika n'kukokolola midzi ndi mbali ya malo a malonda a Phalombe. Anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Ambiri mwa amene anapita anali atamanga pamalo ooneka abwino koposa: pafupi ndi mtsinje, pafupi ndi msika, pafupi ndi msewu. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso zomwezo m'maboma a kummwera, ndipo Phalombe anali m'gulu la maboma amene anavulala kwambiri. Milatho itaduka, midzi ina inakhala masiku yosafikika, ndipo chipatala chimene dzulo lake chinali pamtunda wa ola limodzi chinasanduka cha kutsidya. Madzi saiwala khwawa. Aliyense wofuna kuyandikitsa zinthu kwa anthu m'dera lino ayenera kuyamba wafunsa nkhalamba kuti madzi anadutsa pati mu 1991, asanaloze pomanga sukulu kapena msika. Vuto ndi lakuti anthu akasamutsidwira kumtunda kopanda mjigo, kopanda sukulu, kutali ndi minda yawo, amabwerera kuchigwa chaka chisanathe, ndipo sitingawanene kuti ndi osamva.

Chaka cha 1994 chinabweretsa maphunziro a pulayimale aulere m'nthawi ya Bakili Muluzi. M'dziko lonse ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Sukulu zing'onozing'ono zinamera m'midzi, zina pansi pa mitengo, makolo akuumba njerwa. Zinali ndi mavuto ake osaneneka, komabe kwa mwana wa zaka 6 amene sakanatha kuwoloka mtsinje wodzaza m'Januwale, sukulu ya pafupi ndiyo inali kusiyana kwa kuphunzira ndi kukhala pakhomo. Sekondale ndiyo idakali kutali kwa ambiri. Mtsikana wosankhidwira ku CDSS ya pamtunda wa makilomita 10 amadzuka nkhuku zisanatsike, kapena makolo amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira yekha, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitikira ana ambiri m'tizipinda timeneto. Pamene tikuwerenga atsikana osiya sukulu, tiziwerenganso makilomita amene anawagonjetsa.

Zaumoyo zinayenda njira yofananayo. Kwa nthawi yaitali muyezo unali woti munthu asatalikire chipatala kupitirira makilomita 8, womwe ndi ulendo wa maola awiri kwa munthu wabwinobwino, osati wodwala. Boma litaletsa azamba kubereketsa m'chaka cha 2007, mtunda umenewu unagwera amayi oyembekezera, ndipo zidikiro za pachipatala zinakhala zofunika kwambiri. Chimene chinafupikitsadi ulendo ndi alangizi a zaumoyo okhala m'midzi momwemo, amene amachititsa sikelo ya ana pansi pa mtengo ndi kupereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu. Chipatala chachikulu cha boma chinatsegulidwa ku Migowi m'chaka cha 2022, patatha zaka zoposa 20 Phalombe ali boma lopanda chipatala chakechake. Ndi chinthu chonyaditsa. Komabe mwana wotentha thupi pakati pa usiku amapulumuka ndi bokosi la mankhwala la mlangizi wa m'mudzi, ngati muli mankhwala.

Pamene zina zinkayandikira, zina zinkathawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 429,000 m'boma la Phalombe, ndipo malo sanakule. Tchire la kumapeto kwa munda linatha kalekale. Lero nkhuni ndi ulendo wa m'mawa wonse wopita kuphiri, kapena ndi mapesi ndi mitengo ya nandolo yosungidwa mosamala ngati chakudya. Munda wa mayi ukagawidwa kwa ana aakazi anayi, aliyense amatsala ndi kachigamba, ndipo wofuna kukolola zokwanira amakabwereka munda kudambo lakutali. Mudzi wakale unali ndi munda pakhomo, chipatala kutali. Wa lero wayandikira chipatala, munda ndi nkhuni zapita kutali, ndipo wosenza katundu pamaulendo onsewa akadali yemweyo.

Boma linayesapo kukonza malo a malonda mwadongosolo. Ku Chitekesa, kwa Jenala, kunamangidwa limodzi mwa malo a chitukuko cha kumidzi mothandizidwa ndi African Development Bank, pamodzi ndi Jenda, Malomo ndi Monkey Bay. Cholinga chinali choti msika, depoti ndi zina zofunika zikhale pamodzi, anthu asamathamangire ku Blantyre kapena ku Zomba pa chilichonse. Ganizoli ndi labwino, ndipo likusiyana ndi zimene anachita anzathu ku Tanzania ndi ku Mozambique m'zaka za m'ma 1970, kumene anthu ankasamutsidwa mokakamiza kupita kumidzi yatsopano n'kusiya minda yawo kutali. Kuyandikitsa zinthu kwa anthu ndi kosiyana ndi kukokera anthu kuzinthu. Tili nachonso chitsanzo cha Lilongwe, likulu lathu kuyambira 1975, limene linayalidwa motayana kwambiri moti wantchito wopanda galimoto amathera ndalama ndi nthawi yake panjira. Matauni ang'onoang'ono a ku Phalombe asatengere kumeneko.

Tsopano kwabwera msewu wa phula wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi Phalombe mpaka ku Chitakale, umene anthu anaudikira zaka zambiri. Wathandiza kwambiri: nandolo ndi mpendadzuwa zimatuluka msanga, ambulansi imathamanga, kabaza wa njinga yamoto wafupikitsa maulendo kwa amene ali ndi ndalama yolipira. Koma walira mvula walira matope. Aliyense akufuna poloti ya m'mbali mwa msewu, ndipo malo a malonda akutalika ngati chingwe, sitolo kutsatana ndi sitolo, m'malo mokula mozungulira msika. Mwana wa sitandade 1 akuyenda m'mphepete mwa phula momwe mukudutsa malole ndi njinga zamoto, popanda kanjira kake. Kumidzi ya kuseri, munthu akagula malo amayamba ndi mpanda wa njerwa, ndipo kanjira kachidule kamene anthu akhala akudutsa kuyambira nthawi ya agogo awo kamapezeka katsekedwa m'mawa umodzi. Gogo wopita kuchigayo ndi thumba pamutu amazungulira mtunda wowirikiza, ndipo alibe kokadandaula chifukwa kanjirako sikanalembedwe paliponse.

Apa ndi pamene ndikuona kuti pali ntchito yofulumira. Malamulo a malo a m'chaka cha 2016 amalola kuti malo a makolo alembetsedwe m'dzina la banja kapena la munthu, kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, ndipo lamulo la mapulani la chaka chomwecho linafikitsa ntchito yokonza malo mpaka kumidzi. Polembetsapo, aliyense amaimirira pamalire a munda wake kuti asamudyere ngakhale phazi limodzi. Kanjira kalibe woimirira. Ngati mafumu, kuyambira nyakwawa, magulupu mpaka Mkhumba mwini, sanena poyera kuti njira ya kumjigo, ya kumanda, ya kusukulu ndi ya kudambo ndi ya mudzi wonse ndipo ilembedwe choncho, tidzadzuka tsiku lina mapepala a malo ali m'manja koma mudzi utatsekeka. Chimodzimodzinso bwalo la mpira, malo a msika wa madzulo, ndi mitengo ya mango ya m'mbali mwa njira imene imapatsa mthunzi woyenda masana. Mwambo wakale unkadziwa izi: wolima sankalima njira, ndipo kukagwa maliro anyamata ankalambula kanjira ka kumanda popanda wowalipira.

Zina zofunika si zodula. Kamlatho ka anthu oyenda pansi pakhwawa limene limadzaza m'Febuluwale kangasunge ana a midzi itatu m'kalasi nyengo yonse ya mvula. Magetsi akafika pamphambano ya m'mudzi, chigayo, wometa, wowotcherera ndi wa Airtel Money kapena Mpamba amatsatira okha, ndipo ulendo wa tsiku lonse umasanduka wa mphindi zochepa. Nkhalango ya mudzi yobzalidwa pafupi imabwezera amayi m'mawa umene amautaya kuphiri. Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, pokambirana za pomanga sukulu ya mkombaphala kapena pokumba mjigo watsopano, amayamba kulankhula ndi amuna amene amayenda panjinga. Amayi amakhala pamphasa chakumbuyo, ndipo nthawi zambiri amafunsidwa zonse zitatha kale. Iwowo ndiwo akudziwa pamene pamaterera mvula ikagwa, pamene mtsikana sangadutse yekha kukada, ndi khwawa limene linatenga mwana chaka chatha.